Phunziro: Kukonzekera Kukajambula Anthu pa Zilumba za ku Cape Maclear

Khalani pansi, ana inu, tiyambe. Lero tikamba za kujambula munthu panja, pa malo ovuta: zilumba za miyala za ku Cape Maclear, m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi. Ambiri amene amapita kumeneko ndi kamera amabwerako ndi zithunzi za madzi okongola, koma nkhope ya munthu amene anapita kukamujambula ili bii, maso osaoneka. Kulakwitsa kumeneku kumayambira kunyumba, ulendo usanayambike. Tsegulani makope.

Choyamba dziwani kumene mukupita. Zilumbazi zili m'malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, amene boma linakhazikitsa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika kwambiri pa dziko lonse. Chimene chinawapatsa ulemu umenewu ndi nsomba, makamaka timbuna tamawangamawanga tokhala m'miyala, tomwe mitundu yake yambiri sipezeka kwina kulikonse. Pali Domwe, chilumba chachikulu chamapiri, chimene chinalekana ndi mtunda ndi kampata kotchedwa Ilala Gap. Pali Thumbi West, chimene mumachiona muli pa gombe la mudzi wa Chembe. Ndipo pali Mumbo, kutali pakati pa madzi, makilomita pafupifupi 10 kuchokera ku Chembe. Malowa ali m'manja mwa nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire ndi malo ake, choncho pali ndalama yolowera. Ngati ntchito yanu ndi yolipidwa, monga kujambula akwati, kafunseni ku ofesi yawo musanayambe kuti akuuzeni zimene amalola.

Kuchokera kuno ku Lizulu mumatsata msewu wa M1 mpaka pa Masasa, n'kutsika Khwekhwelere kukafika ku Golomoti, kenako kulowera njira ya ku Monkey Bay. Musanafike m'tauni ya Monkey Bay mumapatukira kumanzere, msewu wodutsa m'mapiri mpaka ku Chembe. Mukanyamuka m'mawa mufika dzuwa litaswa mtengo, nthawi yoipitsitsa yojambula munthu. Ndiye tsiku lofika likhale loona malo, kukambirana ndi mwini bwato ndi kugona. Kumbukiraninso kuti inu ndi ana a kozizira. Kunyanja kumatentha, ndipo munthu wa thukuta kamukamu sasangalala pa chithunzi.

Tsopano kuwala, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndiye mutu wa phunziro lonse.

Kamera, kaya yaikulu kaya ya m'foni, imayeza kuwala konse kumene kuli patsogolo pake n'kuyesa kukufikitsa pakatikati. Pa chilumba, kumbuyo kwa munthu wanu kuli madzi onyezimira, thambo lowala ndi matanthwe oyererako. Kamera ikaona zimenezi imaganiza kuti kuwala kwachuluka, imachepetsa. Madzi amatuluka bwino, koma khungu lathu lakudali limamira mumdima. Ena amati khungu lakuda n'lovuta kujambula. Ine sindivomereza. Wojambulayo wasiyira kamera chiweruzo chimene chinali chake. Ngati muli ndi foni, dinani pa nkhope ya munthuyo kuti iyeze pamenepo, kenako onjezerani kuwala pang'ono mpaka maso ndi masaya zioneke. Thambo likayera mopitirira, lisiyeni liyere. Munabwera kudzajambula munthu.

Dzuwa la masana limagwa kuchokera pamutu. Limakumba mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, ndipo munthu amatsinzina. Nthawi yabwino ndi ola loyamba dzuwa litangotuluka ndi ola lomaliza lisanalowe, pamene kuwala kumabwera cham'mbali, kofiirira, n'kumasisita khungu. Koma dziko lathu silili kutali ndi pakati pa dziko lapansi, kotero dzuwa limakwera ndi kutsika mofulumira. Kuwala kokomako sikudikira munthu amene akusitabe malaya. Ngati masana akupezani, lowetsani munthu wanu mumthunzi wa mtengo kapena wa thanthwe, nkhope ayang'anitse kumene kukuchokera kuwala. Mnzanu agwire nsalu yoyera kapena katoni yomata pepala loyera, aiike chapansi kutsogolo kwa munthuyo, kuti kuwala kubwerere pa nkhope monga m'mene kalilole amabwezera dzuwa. Zimenezi mukhoza kuziyeserera sabata ino pakhoma loyera la kalasi lino masana: jambulani mnzanu kamodzi opanda nsalu, kamodzi ndi nsalu, mudzandionetse Lolemba.

Gombe la Chembe limayang'ana kumpoto chakumadzulo, ndipo dzuwa limalowera cha kumadzi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti zithunzi za pa chilumba zikhale za m'mawa, za madzulo mujambulire kumtunda, ku Chembe kapena ku Otter Point. Mukadikira kulowa kwa dzuwa muli pa Mumbo, mudzawoloka nyanja mumdima. Ndipo pojambula dzuwa likulowa kumbuyo kwa munthu, sankhani chimodzi: kapena mukufuna chithunzithunzi chakuda cha thupi lake pa thambo lofiira, kapena mukufuna nkhope, pamenepo mufunika nsalu ija kapena kuwala kwa fulashi.

Mwezi nawo uli ndi mawu ake. Epulo ndi Meyi, mvula itangosiya, zilumba zimakhala zobiriwira, mpweya uli mbee, mapiri akutali akuoneka. Kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera kuchokera kumwera chakum'mawa. Mapiri amautchinga pa gombe la Chembe, moti mukhoza kuona madzi ali phee n'kuganiza kuti nyanja yonse yagona, pamene pakati pali mafunde. Seputembala ndi Okutobala kumatentha, mitengo yambiri yayoyola masamba, utsi wa moto wolusa m'tchire waphimba mapiri. Dzuwa limalowa lofiira psuu, koma zakutali zimachita chimbuuzi. M'dzinja kumabwera mpoto ndi mabingu adzidzidzi. Pa zonsezi mphunzitsi wanu ndi mwini bwato. Akati lero sitiwoloka, musamunyengerere ndi ndalama. Musakwerenso bwato lopanda majekete oyandamitsa munthu, ngakhale mumadziwa kusambira. Mitsinje ya kuno si nyanja.

Mukafika pa chilumba, yambani inu kuponda pamene mukufuna kuimika munthu. Matanthwe a m'mphepete mwa madzi amakhala ndi ndere, amaterera. Nsapato zachidendene za mkwatibwi zinyamulidwe m'manja, azivale ataima kale pamalo osalala. Ndikuletsani ndi mtima wonse kukweza munthu pansonga ya thanthwe lalitali pofuna chithunzi chodabwitsa. Chipatala chili kutali, ndipo pakati pali madzi. Thanthwe lomwelo limaoneka lalikulu mukagwada pansi n'kujambula mokweza, munthu ali pamalo otetezeka.

Pa kaimidwe ndinena zochepa. Musayandikize foni pamphuno pa munthu, imakulitsa mphuno n'kuchepetsa makutu. Bwererani m'mbuyo mapazi angapo. Mzere umene madzi akumana ndi thambo ukhale wowongoka, ndipo usadutse pakhosi pa munthu. Zovala za mtundu umodzi wowala, zofiira kapena zachikasu, zimaoneka bwino pa miyala yotuwa ndi madzi obiriwira. Chitenje cha maluwa ambiri chimafuna kumbuyo kopanda zambiri. Ndipo lankhulani naye munthuyo. Amene wangotsika m'bwato mtima uli m'mwamba sangamasuke msanga. Mpatseni madzi, mufunseni za kwawo, dikirani mapewa atsike.

Pali nkhani ina imene imandikhudza. Chembe ndi mudzi wa anthu. Pa gombe amayi amachapa ndi kutsuka mbale, ana amasamba, asodzi amasoka maukonde ndi kuyanika usipa pa matandala. Anthu amenewa si zokongoletsera chithunzi chanu. Perekani moni, pemphani, ndipo akakana thokozani n'kupita. Mwana wosavala musamujambule n'komwe. Pa zilumba musathyole mitengo kuti malo aoneke bwino, musayatse moto, ndipo mapepala ndi mabotolo abwerere nanu. Nkhwazi ikalira pamtengo kapena ng'anzi ikatuluka pamwala, ionereni patali.

Katundu wanu akhale wochepa: mabatire odzaza ndi ena apadera, popeza pa thanthwe palibe potchajira, thumba la pulasitiki lotsekera kamera powoloka, kansalu kopukutira galasi, madzi akumwa ndi chipewa. Amene alowe m'madzi a m'mbali mwa mudzi adziwe kuti kuli likodzo, ndipo akabwerako akafunse ku chipatala.

Chomaliza lembani ichi. Musanakwere bwato lobwerera, khalani pamthunzi, tsegulani zithunzi, kulitsani nkhope imodziimodzi muone ngati maso ali akuthwa. Chimene chaipa chibwerezeni pomwepo, mwini bwato akadali wokudikirani. Amene ali ndi funso aimike mkono.