Phunziro la nandolo: wamalonda azidziwa pomwe amafooka

Mu Ogasiti 2017, dziko la India, lomwe limagula nandolo wambiri wa ku Malawi, lidaika malire a matani 200,000 pa nandolo wolowa m'dzikolo pachaka. Mtengo udagwa m'misika ya m'munsi mwa phiri la Mulanje ndi la Michesi, monga Migowi, Chiringa ndi Phalombe boma. Mavenda omwe adathira mpamba wonse mu nandolo adatsala ndi matumba opanda wogula. Omwe ankagulitsanso chimanga, mpunga kapena nsomba za ku nyanja ya Chilwa adavulala, koma adapitiriza geni.

Mu 2021 Malawi ndi India adagwirizana zoti matani 50,000 a nandolo azipita ku India chaka chilichonse kwa zaka zisanu. Komabe mgwirizano wa maboma sungachotse zofooka za wamalonda. Izo amazipeza ndi mwini wake, ndipo njira yachidule ndi kuyang'ana zomwe mnzake wa benchi loyandikana amachita bwino.

Chofooka chofala ndi kusalemba. Venda amakumbukira mtengo wopikulira, n'kuiwala thiransipoti, chiphaso cha msika, matumba ndi aganyu onyamula. Akagula thumba la makilogalamu 50 n'kugulitsa moonjezera pang'ono, amaganiza kuti wapindula pomwe wadya mpamba. Mnzake wokhala ndi kope amadziwa mtengo womwe sangatsike nawo. Kumupempha kuti aonetse kalembedwe kake sikulipiritsa.

China ndi kusakaniza ndalama ya geni ndi ya ndiwo. Apa aphunzitsi abwino ndi amayi a banki mkhonde: amaponya masheya tsiku lake, ndalama iliyonse imalembedwa, ndipo ngongole ili ndi tsiku lobweza.

Palinso kusasamala katundu. Nandolo wosauma bwino amachita nkhungu, wosasankha amagulidwa motchipa, wosungidwa mwachisawawa amafumbwa. Pamsika uliwonse pamakhala munthu yemwe katundu wake amatha msanga. Ameneyo ngofunika kumufunsa momwe amayanikira, kupeta ndi kusungira, kuphatikizapo kagwiritsidwe ntchito ka matumba a PICS osalowa mpweya.

Chomaliza ndi kuyenda wekha. Alimi ang'onoang'ono a tiyi a Sukambizi Association Trust ku Mulanje amagulitsa tiyi wawo ku Lujeri ngati gulu, ndipo ali ndi chiphaso cha Fairtrade chomwe mlimi mmodzi sakadachipeza payekha. Mavenda asanu akasonkherana galimoto imodzi yopita ku Limbe, thiransipoti ya thumba lililonse imatsika ndipo pokambirana mtengo mawu awo amalemera.

Chomwe chimalepheretsa ambiri ndi manyazi komanso nsanje. Mnzawo akatukuka amathamangira kunena kuti adakhwimira, m'malo mofunsa kuti amapikula kuti, nthawi yanji, ndipo amasunga bwanji. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Nyengo yokolola nandolo isanafike, wamalonda asankhe chofooka chimodzi chokha, apeze munthu mmodzi wodziwa bwino mbali imeneyo, ndipo amupatsenso zomwe iye amadziwa.