Foni Ikakana Kutumiza Zithunzi ku Kompyuta, Musathamangire Kukaifulasha

Nthawi yopereka malipoti ikafika, alembi a makomiti a chitukuko amabwera ndi mafoni odzaza zithunzi: mjigo womwe wakonzedwa, njerwa zoumbira chipinda chophunziriramo, mlatho womwe madzi anakokolola. Zithunzizo ndi umboni. Popanda izo lipoti limangokhala mawu, ndipo mawu aliyense angathe kuwatsutsa. Komatu kangapo konse munthu amalumikiza foni yake ku kompyuta, foniyo n'kuyamba kutchaja bwinobwino, koma pa kompyutapo osaoneka kanthu. Ena amapalasa njinga kubwerera kwawo, ulendo wonse utapita m'madzi. Ena amakhotera kwa okonza mafoni pamsika, ndipo kumeneko amauzidwa kuti foniyo ikufunika kuifulasha. Apa m'pamene pagona ngozi, chifukwa kufulasha kumafufuta zonse zimene zili m'foni, kuphatikizapo zithunzi za umboni zija. Chomvetsa chisoni n'chakuti kawirikawiri foniyo imakhala ilibe vuto lililonse.

Yambani kukayikira chingwe. Chingwe cha USB chokwanira chimakhala ndi timawaya tosachepera tinayi mkati mwake: tiwiri tonyamula magetsi, tiwiri tonyamula uthenga. Pofuna kutsitsa mtengo, opanga ena amangoikamo tiwiri ta magetsi tokha. Zingwe zotere n'zambiri, makamaka zimene zimabwera ndi nyali za sola, matochi, mawailesi ang'onoang'ono kapena mabatire otchajira foni poyenda. Mukaziyang'ana kunja sizisiyana ndi zinzake, ndipo zimatchaja ndithu, n'chifukwa chake anthu sazikayikira. Koma ngakhale mutadina chiyani pa kompyuta, chithunzi sichingadutse pa waya yemwe kulibe. Bwerekani chingwe china, makamaka chija chinabwera m'bokosi limodzi ndi foni, muyeserenso. Mukapeza chogwira ntchito, chimangeni kaulusi kofiira kuti chisasokonekere pakati pa machaja a m'nyumba.

Chingwe chikakhala chabwino, chotsatira ndi chilolezo cha foni yeniyeniyo. Mafoni ambiri amene tili nawo, monga Tecno, itel, Infinix ndi Samsung, amayendera Android. Kuyambira pa Android 6.0, yomwe inatuluka mu 2015, foni ikalumikizidwa ku kompyuta imangotchaja basi mpaka mwini wake atailola kuonetsa zimene zili mkati. Anachita izi dala, ndipo anachita bwino. Taganizirani mafoni onse amene timasiya kwa otchajitsa pamsika tsiku lathunthu. Pakanapanda lamulo limeneli, aliyense wokhala ndi kompyuta akanatha kukopera zinsinsi za eni ake. Choncho tsegulani loko wa foni yanu, kokerani chala kuchokera pamwamba pa sikirini kutsikira m'munsi, ndipo mupeza uthenga wonena za USB, kawirikawiri wolembedwa kuti Charging this device via USB. Dinani pamenepo n'kusankha File transfer, kapena MTP pa mafoni ena. Mukasankha PTP mudzaona zithunzi zokha, makalata ndi zina osaoneka. Ngati dzina la foni likuoneka pa kompyuta koma mukalitsegula muli mbee, dziwani kuti foniyo ndi yokhoma kapena simunasankhe File transfer. Mafoni ambiri amaiwala chisankhochi mukazula chingwe, motero muyenera kubwereza ulendo uliwonse.

Uthenga wa USB uja ukapanda kubwera n'komwe, yang'anani kabowo kolowetsapo chaja. Foni imakhala m'thumba, m'chitenje, kumunda ndi kudimba, ndipo fumbi ndi timaulusi zimadzadzana mmenemo mpaka chingwe osalowa n'kufika pake. Zimitsani foni, walitsani tochi, ndipo chotsani zinyalalazo pang'onopang'ono ndi kamtengo kotokosera m'mano. Singano kapena phini ayi, pakuti chitsulo chimapinda timano ta mkati ndipo chingathe kuyambitsa shoti. Ngati chingwe chikugwedera ndipo kulumikizana kukudukaduka mukangokhudza foni, kabowoko katha. Limeneli ndiye vuto loyenera kupita nalo kwa wokonza, koma muuzeni momveka kuti asinthe kabowo kokha, asakhudze zimene zili mkati. Ku kompyuta nakonso yesani bowo lina. Pa makompyuta a patebulo, mabowo akumbuyo ndi odalirika kuposa akutsogolo chifukwa ndi omatidwa pa bolodi lenilenilo.

Anthu ena amasokonezeka chifukwa amayembekezera kuti foni ioneke ngati fulashi, yokhala ndi chilembo monga E kapena F. Mafoni a Android a masiku ano saoneka motero. Tsegulani This PC pa Windows ndipo mufunefune dzina kapena nambala ya mtundu wa foni yanu. Ngati palibe, zimitsani ndi kuyatsanso zonse ziwiri, foni ndi kompyuta. Njira imeneyi imaoneka yachibwana koma yathetsa mavuto ambiri. Zikakanikabe, ndiye kuti kompyuta ikusowa kapulogalamu kakang'ono kozindikirira foni, kotchedwa driver. Mu Device Manager foniyo imaoneka ndi kachizindikiro kachikasu. Mumadina dzina lake ndi batani lakumanja la mbewa, kusankha Update driver, kenako kuuza kompyuta kuti musankha nokha pa mndandanda, n'kudina MTP USB Device. Ngati kompyutayo si yanu, gawo limeneli musiyireni mwini wake. Dziwaninso kuti maofesi ena amatseka dala mabowo a USB poopa mavairasi, choncho funsani kaye musanayambe kuimba mlandu foni yanu.

Tinene kuti foni yatseguka. Zithunzi zojambula ndi kamera zimakhala mu foda yotchedwa DCIM, mkati mwa ina yolembedwa Camera. Ngati muli ndi memori khadi mudzaona malo awiri, a mkati mwa foni ndi a khadi, ndipo DCIM ingapezeke konsekonse. Zimene munalandira pa WhatsApp zili kwina. Pa mafoni akale zili mu foda ya WhatsApp poyera pomwe, koma kuyambira pa Android 11 zinasamukira mkati: mutsegule Android, kenako media, kenako com.whatsapp, ndipo mupeza WhatsApp ndi Media mmenemo. Ambiri amafika apa n'kuganiza kuti zithunzi zawo zafufutika, chonsecho zangosintha malo.

Tsopano mfundo imene ndikufuna muigwiritse kuposa zonse: sankhani Copy, osati Cut. Copy amasiya chithunzi m'foni n'kupanga china pa kompyuta, pamene Cut amachisamutsa n'kuchichotsa komwe chinali. Magetsi athu mukuwadziwa. Akathima ntchito ili pakati, kapena mwana akakoka chingwe, wogwiritsa Cut amatsala ndi zithunzi zina uku, zina uko, osadziwa kuti zafika ndi ziti ndipo zaonongeka ndi ziti. Koperani pang'onopang'ono, zithunzi makumi angapo nthawi imodzi, chifukwa njira ya MTP imachita chinthu chimodzi pa nthawi ndipo imakonda kuima mukaisenzetsa mazanamazana. Musamatsegule zithunzi kapena makanema ali m'foni momwemo kudzera pa kompyuta pamene kukopera kuli mkati. Mukamaliza, zulani foni, tsegulani zithunzi zingapo pa kompyutapo muone ngati zikuoneka zathunthu. Pokhapokha mutatsimikiza m'pamene mungafufute za m'foni, ngati n'kofunika kutero. Kanema wautali wa msonkhano akakana kulowa mu fulashi ngakhale malo alipo, chifukwa chake n'chakuti mafulashi ambiri anakonzedwa m'njira ya FAT32, yomwe siilandira fayilo imodzi yoposa 4GB.

Amene muli ndi iPhone, foni idzakufunsani ngati mukuikhulupirira kompyutayo. Dinani Trust n'kulemba nambala yanu yachinsinsi. Pa Windows mudzaona zithunzi ndi makanema okha. Kuyambira mu 2017 mafoni amenewa amasunga zithunzi m'mtundu wa HEIC womwe makompyuta ena satsegula, choncho mu Settings, pansi pa Photos, sankhani Automatic kuti zizisinthidwa potumiza. Timafoni tamabatani nato timafunsa, ndipo mawu oyenera kusankha ndi Mass storage.

Wina anganene kuti, bwanji osangotumiza pa WhatsApp? N'zotheka, koma zimadya bandulo, ndipo WhatsApp imachepetsa chithunzi kuti chipepuke, n'kuchotsanso mbiri yobisika yonena tsiku ndi nthawi imene chinajambulidwa. Chithunzi cha ming'alu ya pakhoma la sukulu chikachepetsedwa, ming'aluyo sioneka bwino mukachisindikiza papepala, ndipo kontilakita angathe kukana kuti palibe cholakwika. Ngati palibe kuchitira mwina, tumizani ngati Document kuti chifike momwe chilili. Njira ina yosafuna chingwe ndiyo kusamutsira zithunzi ku memori khadi, kuzimitsa foni, kuchotsa khadilo n'kuliika m'kachipangizo kowerengera makhadi komwe kamalowa pa bowo la USB.

Mukagwiritsa ntchito kompyuta ya pamalo osindikizira makalata, musachoke pampando foni ili yotsegula, pakuti mukasankha File transfer mwatsegula nyumba yonse, osati chipinda chimodzi. Alembi ambiri amasunga m'foni zithunzi za ziphaso zaunzika ndi mayina a anthu olandira thandizo m'mudzi. Koperani zokhazo zimene mwadzera, ndipo ntchito ikatha onetsetsani kuti zafufutidwa pa kompyutapo komanso mu Recycle Bin, inu mukuona, musanalipire ndi kutuluka.