Anatsitsa galimoto, matayala akutha mkati

Funso: Wowerenga wina wa ku Blantyre anaika masipiringi aafupi pa Subaru Impreza WRX yake. Tsopano matayala akutsogolo akutha mbali yamkati, ndipo chiwongolero chimagwedezeka akaponda hampu. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Makaniko wodziwa magalimoto othamanga akuti galimoto ikatsika, maimidwe a matayala amasintha. Amapendekera mkati kumwamba kwake, zomwe amati camber, komanso amaleka kuloza molunjika kutsogolo, komwe ndi toe. Ambiri amaloza chala camber, koma chimene chimadya tayala msanga ndi toe, chifukwa tayalalo limayenda likukhula msewu. Choyamba wowerengayu apite akachititse alayimenti ya matayala onse anayi.

Kugwedezekako nthawi zambiri kumachokera ku ma tie rod, zitsulo zolumikiza chiwongolero ndi matayala, omwe tsopano akhala mopendekeka, kotero tayala likakwera hampu limadzikhotera lokha. Ma shock akale nawo sagwirizana ndi masipiringi aafupi, amangogunda pansi.