Galimoto Nayo Ifuna Khola

Alipo anthu ena ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka amene, atagulitsa mpunga, thonje kapena nsomba kwa zaka zambiri, agula pikapu yonyamulira katundu pa msewu wa M5, wopita ku Salima ndi ku Balaka. Koma ambiri a iwo, ngakhale amamangira ng'ombe zawo khola, galimotoyo amangoisiya pabwalo usana ndi usiku.

Kusi kwa mapiri a Dedza dziko ndi lotentha kuposa kumtunda, makamaka mu October ndi November. Dzuwa lotere liwaula utoto, ling'amba mphira wa matayala ndi mipando, ndipo kutenthako kufupikitsa moyo wa batire. Mvula ikayamba, madzi adikha kumbuyo konyamulira katundu nabweretsa dzimbiri. Dzimbirilo lifulumira ngati mwatsalira mchere, feteleza kapena madzi a nsomba.

Mthunzi wa mtengo sukwanira ayi. Zitosi za mbalame ndi mileme, pamodzi ndi utomoni wa mango, zidya utoto, ndipo nthambi ikhoza kuthyoka ndi mphepo n'kuswa galasi.

Chofunika ndi chisakasa. Mwini galimoto asankhe malo okwera, osayenda madzi, pafupi ndi nyumba kuti azimva akuba. Azike nsanamira zolimba, atazipaka oyilo wakutha m'munsi kuti chiswe chisadye msanga. Pansi athire miyala kapena gelevulo. Denga la malata ndilo labwino. La udzu lizizira, koma liopsa pa nyengo yotentha tchire. Tsono wofolera ndi udzu alambule kuzungulira konse, ndipo asasungemo zigubu za petulo.

Chisakasa chikhale kutali ndi nkhokwe. Kumene kuli chimanga kuli makoswe, ndipo makoswe alowa mu injini, namanga zisa ndi kudula mawaya.

M'mbali musatsekedwe monse, kuti mphepo izipita ndi kuumitsa chinyezi. Ndiponso pali ngozi ina yaikulu: utsi wa injini uli ndi mpweya woipa, wosaoneka ndi wosanunkha, umene upha munthu m'nyumba yotseka. Choncho injini isamalire m'garaja yotseka zitseko, ndipo ana asamagonemo.

Iye amene sangathe kumanga chaka chino achite izi:

1. Atsuke kumbuyo kwa galimoto tsiku lomwelo lomwe wanyamula feteleza kapena nsomba.
2. Akokolole matope a kunsi, makamaka akayenda m'dambo.
3. Aimike galimoto kutsogolo kuli kumtunda, kuti madzi atsikire kumbuyo, ndipo aike mwala ku tayala.
4. Akafuna kufunditsa lona, galimoto ikhale youma ndi yopanda fumbi. Lona wofunditsa pa fumbi akhula utoto pamene mphepo iwomba, ndipo wofunditsa ponyowa asunga chinyezi.
5. Pamene utoto wasupuka apakepo wina dzimbiri lisanagwire.

Aphunzitsi angathe kuonetsa ana nkhaniyi mosavuta. Atenge misomali itatu: wina auike pouma, wina m'madzi, wina m'madzi a mchere. Patapita sabata imodzi anawo aone okha umene wachita dzimbiri kwambiri.

Mitengo ndi malata a chisakasa mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa galimoto. Ndipo pa tsiku limene mayi wapakati afunika kuthamangira naye ku chipatala cha ku Mua usiku, mudzi wonse uyang'ana kwa mwini pikapu. Galimoto yosungidwa bwino ndiyo idzalira msanga.