Kamtanda kobiriwira

Mnyamata wina wa Fomu 3 ku Chileka ankasewera Free Fire, gemu ya kampani ya Garena yomwe inatuluka mu 2017, pafoni imene amalume ake anamutumizira kuchokera ku Johannesburg. Akaweruka, iye ndi anzake ankakhala pakhonde la golosale m'mbali mwa msewu wopita kubwalo la ndege, n'kumaomberana ndi anthu akutali mpaka bandulo itatha.

Chinkamuvuta ndi kamtanda koyera ka pakati pa sikirini, kamene kamasonyeza pomwe chipolopolo chipite. Galasi la foni yake linali long'aluka, ndipo dzuwa likawala sankakaona n'komwe. Mnzake wa ku Lirangwe anamutumizira fayilo ya APK pa WhatsApp.

"Aise, ika mod iyi. Kamtandako kakhala kobiriwira, kakakulu. Uzingowapanga ma headshot."

Kufuna kamtanda kooneka bwino si mlandu. Mu Valorant ndi Counter-Strike 2 wosewera amasintha yekha mtundu wake, kunenepa kwake ndi mpata wa pakati, zonse m'ma settings. PUBG Mobile nayo imalola kusankha mtundu. Eni ake a World of Tanks amalola ngakhale ma mod ena, bola asakhale achinyengo monga okuombera okha. Koma Garena salola kusewera ndi gemu yosokonezedwa kapena pulogalamu yapadera yolowerera m'gemu, ndipo akakugwira amatseka akaunti. Za izi mnyamatayu ankazidziwa, poti anzake ena anali atatsekeredwa kale. Chimene sankadziwa n'chakuti wopanga fayilo ija analibe nazo ntchito za gemu.

Foni inamuchenjeza kuti fayiloyo sinachokere ku Play Store, iye n'kudina kuti ipitirire. Inapempha chilolezo choonekera pamwamba pa mapulogalamu ena. Chimenechi chinamveka chanzeru, chifukwa kamtanda kojambulidwa pamwamba pa gemu kamafunadi chilolezo chotere, ndipo msampha wagona pomwepo: pulogalamu yotha kujambula kamtanda ithanso kujambula tsamba labodza. Linabwera tsamba la buluu lofanana ndendende ndi la Facebook, lomuuza kuti alowenso kuti gemu yake ilumikizidwe. Analemba nambala ndi pasiwedi.

Kamtanda kobiriwira kanaonekadi, ndipo madzulo amenewo anasewera mokondwa.

Sabata isanathe, mayi ake analandira foni kuchokera kwa amalume aja.

"Achemwali, bwanji osandiuza kuti mwagonekedwa kuchipatala cha Queens? Ndalama ndatumiza zija zafika?"

"Achimwene, ine ndili kudimba kuno. Ndalama ziti?"

Wakuba anali atasintha pasiwedi, n'kuwerenga mauthenga akale mpaka kudziwa mmene mnyamatayo amalembera kwa amalume ake. Kenaka anawalembera kuti mayi ali kuchipatala, atumize msanga panambala ya mnzake poti foni ya kunyumba yafa. Amalumewo, munthu wogwira maganyu ku Joni, anachotsa ndalama ya lendi. Zimandiwawa kuti mbala zotere zimadyera pa chikondi cha pachibale, ndipo amalumewo sanalakwe chilichonse pothamangira kuthandiza mlongo wawo.

Akaunti ya Free Fire, imene inali yomangirira ku Facebook yomweyo, inapita limodzi ndi zovala ndi mfuti zonse zimene anagula ndi ndalama za ganyu youmba njerwa. Foni anakaifufutitsa kwa wokonza mafoni pa Lunzu. Mnzake wa ku Lirangwe, yemwe sanadziwe kuti akufalitsa chiyani, anali atatumiza kale fayiloyo pagulu la WhatsApp la kalasi yawo yonse.