Phala loyamba la mwana: makalata ochokera kwa Katunga

WOULUTSA: Makalata a lero achokera ku Chikwawa, m'dera la Mfumu Yaikulu Katunga, ndipo onse akukamba za chakudya cha mwana woyamwa. Muno tili ndi anamwino amene amaona za kadyedwe ka ana. Woyamba ndi mayi wa mwana wa miyezi inayi. Akuti: "Kuno dzuwa lafika poipa. Mwana wanga akulira usiku, ndipo apongozi akuti mkaka sukumukwana, ndizimupatsa madzi ndi kaphala kamadzimadzi. Nditani?"

NAMWINO: Zikomo mayi. Apongozi anuwo akunena chifukwa chokonda mdzukulu wawo, ndipo kutentha kwa kuchigwa timakudziwa tonse. Koma yankho langa ndi lakuti dikirani. Pafupifupi magawo 9 mwa magawo 10 a mkaka wa m'mawere ndi madzi, ndiye mwana akamva ludzu mupatseni bere kawirikawiri, usana ndi usiku. Madzi ambiri muzimwa ndinu.

M'matumbo mwa mwana woyamwa muli tizilombo tabwino tochuluka zedi, makamaka ta mtundu wotchedwa Bifidobacterium. Mu mkaka wanu muli shuga wina amene mwanayo payekha sangamugaye, koma tizilomboti timamudya. Tikachuluka timachititsa m'matumbo kukhala mowawasa pang'ono, ndipo tizilombo toyambitsa kutsekula m'mimba timavutika kukhazikikamo. Mukalowetsa phala pa miyezi inayi, mukuika chakudya m'matumbo osakhwima, pamodzi ndi zonse zimene zili m'madzi a pamjigo, m'kapu ndi pa supuni. Komanso mwana akakhuta phala amayamwa pang'ono, ndipo bere likamayamwidwa pang'ono mkaka umachepadi. Pamenepo apongozi adzati, "Mwaona, ndimanena ine," chonsecho mkakawo wauchepetsa ndi phala.

Bungwe la WHO ndi Unduna wa Zaumoyo amalangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 61 okha mwa ana 100 osakwana miyezi 6 ndiwo ankayamwa mwakathithi. Pitani ndi apongozi anu kusikelo, akaone okha mzere wa kulemera kwa mwana m'buku lake. Ngati ukukwera, mkaka ukumukwana.

WOULUTSA: Kalata yachiwiri: "Mwana wanga wakwanitsa miyezi 7, ndinamuyambitsa phala mwezi watha. Chimbudzi chake chasintha, chikununkha, chalimbako, nthawi zina ndimaonamo timasamba. Anzanga akuti ndi mano. Kodi wadwala?"

NAMWINO: Mayi, mwachita bwino kuyang'ana thewera mosamala chonchi. Zimene mwaonazo si matenda. Mwana akamayamwa bere lokha, chimbudzi chimakhala chachikasu, chofewa, chosanunkha kwenikweni. Akayamba phala, m'matumbo mumayamba kuchuluka mitundu ina ya tizilombo imene imatha kugaya gaga wa chimanga, makoko a nyemba ndi ndiwo zamasamba. Fungo ndi mtundu zimasintha chifukwa cha zimenezi. Zili ngati dimba limene munali mbewu imodzi ndipo tsopano mwadzalamo zosiyanasiyana. Timasamba tikuonekato ndi umboni woti ntchitoyo yangoyamba kumene. Muzisinja kapena kupota ndiwozo kwambiri, koma musasiye kumupatsa.

Nkhani imeneyi ana a ku Malawi athandiza dziko lonse kuimvetsa. Mu 2012 akatswiri otsogozedwa ndi Jeffrey Gordon wa ku Washington University ku America, pamodzi ndi anzawo a ku College of Medicine ku Blantyre, anayerekeza chimbudzi cha anthu a kumidzi ya kuno, a ku Venezuela ndi a ku America. Anapeza kuti tizilombo ta m'matumbo mwa mwana timatenga pafupifupi zaka 3 kuti tifanane ndi ta munthu wamkulu. Mu 2013 anafalitsa za mapasa a kuno, pamene wina anatupikana mnzake ali bwinobwino. Atatenga tizilombo ta m'matumbo mwa mwana wotupikanayo n'kuika mu mbewa zoleredwa mopanda tizilombo, n'kumazidyetsa chakudya chonga cha kumudzi kwathu, mbewazo zinaonda. Tinaphunzirapo kuti kukula kwa mwana kumadaliranso mmene matumbo ake akulandirira chakudyacho.

N'chifukwa chake ndimalimbikira za ukhondo pa msinkhu uwu. Mwana wa miyezi 7 kapena 8 wayamba kukwawa. Mumuika pamphasa, mutembenuke kukasonkhezera moto, iye wafika kale pamene panagona nkhuku, watola chitosi, chili m'kamwa. Zikamachitika tsiku ndi tsiku, mkati mwa matumbo mumatupa pang'onopang'ono ndipo chakudya sichilowa bwino m'thupi. Mwana wotere mwina satsekula n'komwe, amangopinimbira. Kafukufuku wa boma uja wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Sesani pamene mwana amasewera, sambani m'manja ndi sopo inu ndi iye musanamudyetse, ndipo phala la m'mawa lisagone m'mbale mpaka masana. M'kutentha kwa ku Chikwawa limasasa msanga.

Za mano, chonde musamazinamizire. Mwana akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kupitirira pa tsiku, kumeneko ndi kutsekula m'mimba. Mupatseni Thanzi ORS, pitirizani bere ndi phala, ndipo kwa alangizi a zaumoyo mukalandire mapiritsi a zinki oti amwe masiku 10 mpaka 14. Mukaona magazi m'chimbudzi, maso olowa, liwombo lolowa, kapena akukana kuyamwa, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo. Liwombo likalowa ndiye kuti madzi atha m'thupi, ndipo mankhwala omata pamutu sabwezera madziwo. Amene munaona kolera wa 2022 ndi 2023 mukudziwa kuti madzi amatha msanga bwanji.

WOULUTSA: Iyi yachokera kwa bambo amene amagwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Kasinthula. Akuti: "Ndalama zogulira phala la m'sitolo ndilibe. Mayi a kunyumba amaphika la ufa woyera n'kuthira shuga. Kodi n'lokwanira?"

NAMWINO: Bambo, ndakondwa kuti mwalemba ndinu. Phala la m'sitolo musadandaule nalo. Koma la ufa woyera ndi shuga silikwana. Mwana amabadwa ndi nkhokwe ya ayironi, mchere wopanga magazi, ndipo imayamba kutha akamafika miyezi 6. Mkaka wa m'mawere uli ndi ayironi wochepa, ufa woyera nawo ulibe wokwanira. Kuchigwa kuno kulinso malungo amene amatha magazi a ana, ndiye nkhaniyi si yaing'ono.

Gwiritsani mgaiwa, mapira kapena mawere. Thiranimo nsinjiro, kapena ufa wa khobwe wokazinga, kapena chitowe chosinja. Mu 2017 kunatuluka zotsatira za kafukufuku amene anachitika kumidzi ya kum'mwera kuno, zosonyeza kuti ana a miyezi 6 amene ankawathirira ufa wa khobwe m'phala sanabwerere m'mbuyo kwambiri pa msinkhu poyerekeza ndi anzawo. Khobwe yemweyu timalima tokha. Muli pafupi ndi Shire, ndiye nsomba musaiiwale: mlamba wophika wochotsa minga bwinobwino, kapena tinsomba touma tosinja mpaka kukhala ufa, supuni imodzi m'phala. Onjezani ufa wa masamba a chammwamba, kadontho ka mafuta ophikira, ndipo pambali mupatseni papaya, mango kapena nthochi yopota. Ufa wa malambe nawo ndi wabwino, chifukwa vitamini C amene ali mmenemo amathandiza thupi kulandira ayironi. Mtedza wa nsinjiro muzisankha, wachuku ndi wofota tayani, chifukwa chuku chimakhala ndi poizoni.

Chachikulu ndi kulimba kwa phala. Tapani ndi supuni n'kuipendeketsa. Likayenderera ngati thobwa, mwana akukhuta madzi. Lizikakamira pa supuni n'kugwa pang'onopang'ono. Kamimba ka mwana wa msinkhu uwu sikalandira zoposa kapu imodzi yaing'ono pa nthawi. Yambani ndi masupuni awiri kapena atatu, kawiri kapena katatu pa tsiku, muzionjezera mpaka theka la kapu. Kuyambira miyezi 9, katatu kapena kanayi. Akhale ndi mbale yakeyake kuti muziona zimene wadya. Akalavula chakudya chatsopano, yesaninso tsiku lina, koma osamutseka mphuno n'kumuthira phala m'kamwa, angatsamwe. Ndipo bere lipitirire mpaka zaka 2 kapena kupitirira, pakuti mkakawo ukudyetsabe tizilombo tabwino tija pamene tatsopano tikukhazikika.

WOULUTSA: Nthawi yatitaya, koma agogo ena akufunsa mwachidule: "Kale tinkati mwana asadye mazira. Lero mukuti bwanji? Nanga tiyi ndi uchi?"

NAMWINO: Agogo, dzira mupatseni kuyambira miyezi 6, lophika mpaka kulimba, lopota kapena loswera m'phala likali pamoto. Silibweretsa matenda a kugwa. Tiyi ayi, amatchinga ayironi kulowa m'thupi, ndipo zakumwa zotsekemera za m'mabotolo ndi mafilizesi zimangomutsekera njala. Uchi dikirani akwanitse chaka, chifukwa nthawi zina umakhala ndi tizilombo timene matumbo a khanda sangalimbane nato. Ndipo mdzukulu wanu akakwana miyezi 6, kumbutsani amake kuti kusikelo akalandire vitamini A.