Usanagule mawilo atsopano, mvera masipoko

Mphwanga, ndamva kuti wasonkhanitsa kandalama ndipo ukufuna kusintha mawilo a njinga yako ya kabaza. Wayambira poyenera. Anzako ambiri ndalama zoyamba amathera pa magalasi, mabelu ndi khushoni yamaluwamaluwa, chonsecho chimene chimasenza iwe, kasitomala ndi thumba lake la chimanga ndi wilo ya kumbuyo. Koma usathamangire kusitolo usanamve zimene manja angawa aphunzira poluka mawilo pamsika.

Sipoko payokha ndi kawaya chabe, ukaitsamira imapindika. Mphamvu yake ili pa kukungika. Woluka amakunga masipoko onse kuti azikoka limu mofanana mbali zonse. Ukakwera, masipoko amene ali pansi pa habu panthawiyo amakhwefukako pang'ono, wilo ikazungulira n'kukungikanso. Ngati anakungidwa mokwanira, palibe vuto. Koma ngati anali olobodoka kale, sipoko imatakataka paja inapindikira polowa m'bowo la habu, kupindika ndi kuwongoka kambirimbiri pa ulendo umodzi wochoka pa Salima kupita ku Senga Bay, mpaka tsiku lina thyo! Ambiri amati yaduka chifukwa chokungitsa. Nthawi zambiri imakhala kuti yaduka chifukwa cholobodoka.

Apa m'pamene wilo ya kufakitale imasiyanira ndi yoluka pamanja. Makina amaluka mofulumira, ndipo pa mawilo otchipa chachikulu chimene amaona n'chakuti limu yawongoka. Wilo ikhoza kuzungulira mowongoka bwinobwino m'sitolo, masipoko ena ali gwa, ena ali lobodo. Diso silingakuuze zimenezi. Udzazidziwa utasenzetsa matumba a makala n'kudutsa msewu wa mabampu, wilo itayamba kukhula mabuleki.

Sindikunena kuti zonse za kufakitale n'zachabe, ayi. Makampani ngati Mavic ya ku France ndi Shimano ya ku Japan amapanga mawilo abwino zedi, opepuka, ena a masipoko 24, 20 ngakhale 16 okha. Nthawi zina umawapeza pa njinga za kaunjika, ndipo amakopa maso. Koma anawapangira munthu wa mpikisano, wokwera yekha pa tala wosalala. Masipoko akachepa, iliyonse imasenza gawo lalikulu, ndiye imodzi ikangoduka wilo imakhota kwambiri mwina mpaka kukana kuzungulira. Ambiri mwa masipoko amenewa ndi a mtundu wawowawo. Ikakudukira uli ku Ntchisi, udzaipeza kuti? Taona njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief lomwe linayamba mu 2005. Kaliyala yake anaipangira katundu wofika makilogalamu 100, ndipo mawilo ake sanawapeputse: limu yolimba, masipoko ambiri ndi onenepa, oti wokonza njinga aliyense angathe kusintha. Anadziwa misewu imene njingazo zikayendemo.

Ukasankha kulukitsa, zipangizo ukagule wekha. Kumbuyo usatsike pa masipoko 36. Njinga zakale za ku England zinkakhala ndi 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, poti kulemera kumathera kumbuyoko. Mabowo a habu ndi a limu akhale ofanana chiwerengero. Sipoko wamba, ya geji 14, ndi yonenepa mamilimita 2. Ya geji 13 ndi 2.3, ya geji 12 ndi 2.6. Pa ntchito yakoyi tenga 13 kapena 12, koma uyambe wayesa ngati ikulowa m'mabowo a habu ndiponso ngati timanati take tikukwana pa limu. Ukapeza masipoko osachita dzimbiri ndi timanati ta bulasi, usawerenge kudula, chifukwa dzimbiri likagwira kanati wilo siwongolekanso.

Pa limu samala zinthu ziwiri. Mawilo ofala otchedwa 28 alipo awiri: werenga pa tayala, ina imalembedwa 635, ina 622, ndipo matayala ake sasinthana. Chachiwiri ndi mabuleki. Ngati njinga yako ndi ya mabuleki a ndodo, amene amakoka limu cha m'kati, ikufunika limu yopangidwira mabuleki amenewo. Limu ya aluminiyamu ya makoma awiri ndi yolimba komanso imagwira buleki bwino pa mvula kuposa yachitsulo yonyezimira, koma imafuna mabuleki a kebulo opana m'mbali.

Kalukidwe kakhale kopingasa, sipoko iliyonse kudutsana ndi zinzake zitatu, kapena zinayi pa wilo ya 40. Nzeru imeneyi ndi ya James Starley wa ku Coventry, m'chaka cha 1874: sipoko ikachoka pa habu mopendekera, mphamvu ya kupalasa imafika ku limu mwa kukoka, osati mwa kupotokola masipoko.

Tsono za woluka, poti nkhani yagona pamenepo. Si aliyense wogwira kasipanala ka masipoko amene amadziwa kuluka, ndipo wilo yolukidwa mwamphwayi imaipa kuposa ya makina. Khala pambali pake uone. Wodziwa amadontheza mafuta pa mazinga a sipoko iliyonse. Sakunga mbali imodzi n'kumaliza. Amazungulira wilo yonse kangapo, pang'onopang'ono, kanati kalikonse theka la mpotokolo kapena kuchepera apo. Akayandikira kumapeto amafinya masipoko awiriawiri ndi dzanja mwamphamvu kuti akhazikike, kenako n'kuwongolanso. Nsonga zotulukira m'kati mwa limu amazipala, n'kuika lamba wotchinjiriza chubu. Usamufulumizitse, ndipo usamunenerere mtengo mpaka kumukhumudwitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wilo imeneyi ndiyo idzakudyetse.

Akamaliza, yesa wekha. Liza masipoko imodziimodzi ndi chala ngati nsambo za bangwe. Onse a mbali imodzi alire mofanana, mawu okwera. Ikapezeka yolira mogonthera pakati pa anzake, ntchito sinathe. Pa njinga ya magiya, a kumanja kwa wilo ya kumbuyo amalira mokwera kuposa a kumanzere, ndipo n'momwe ziyenera kukhalira. Fanizira a mbali imodzi okhaokha.

Ngati ndalama sizikwana zonsezi, gula wilo ya m'sitolo ya masipoko 36, koma usanaikwezepo munthu upite nayo kwa woluka akaikunge ndi kuifinya bwino. Malipiro ake ndi ochepa poyerekeza ndi masiku amene ungataye njinga ili chagada. Limu yopindika ndi dzenje usaiumirize ndi masipoko. Imawongoka lero, mawa yabwerera. Ndipo wilo imene yadula masipoko atatu motsatizana, otsalawo atopa kale, usinthe onse nthawi imodzi. Wilo yatsopanoyo ukayenda nayo sabata ndi katundu, ubwere nayo ndidzaimvere.